Ndime ya Pulofesolo Alumando

Bwerani kuno nonse, pakhonde pano pali mthunzi. Dito, mwamuna wanga, chotsa nkhope yakoyo, ikundisasitsira thobwa. Mariyeta, mkazi mnzanga, tenga lichero ilo, nandolo sadzisenda yekha. Ndinakumvanitu dzulo kuseri kwa nkhokwe. Eti, "Mama watitaya kumudzi kuno, iye ali kutauni ndi mabuku ake." Mumayesa mukanong'ona m'Chipwitikizi ndiye kuti agogo ndi chitsa? Zoona, ine sikola sindinaiphunzire, dzina langa ndimasaina ndi chala ichi, koma makutu awa anadya zilankhulo zitatu, ndipo miseche ndimaimva m'zonsezo. Tereza, iwe wakulira pano, khala pafupi ndi msuweni wako Zeka. Chinyanja chikamuthawa, umunong'oneze m'chilankhulo cha kutauni kwawoko. Lero ndikuuzani kumene mabuku a mayi anuwo anachokera.

Inu mayi anu mumawadziwa ali ndi magalasi, nsapato za gogoda, aphunzitsi akuwaimirira akamalowa. Ine ndimamudziwa Selina wanga wa zipsera m'mawondo. Nkhondo itatitulutsa ku Majaua kuno, anawoloka Ruo ali pamapewa pa agogo anu aamuna, malemu a Fabiyawo. Mlongo wake, bambo a Tereza awa, anali kumsana kwanga. Za ulendo umenewo sindinena, lero ndadzuka bwino. Kukampu, tsidya lija la Mulanje, ndi kumene Selina anayamba sukulu, poti kumeneko amati sukulu, ife kuno timati sikola. Mwana ameneyu mutu! Chaka ndi chaka ahedi ankaima pabwalo, "Namba wani, Selina..." ine nthungululu kale. Mpaka anandipempha: "Mayi, muzidikirako ndimalize dzina, ma Selina alipo atatu pasukulu pano." Ndinati, "Ahedi, wanga ndimamudziwa." Anafika sitandade faifi ali patsogolo pompo.

Kenako mtendere. Iii, tsiku limenelo! Anatikweza m'malole, mitolo pamwamba, nkhuku m'madengu, ine nditakhalira mtondo wanga kuti munthu asandibere. Anatipatsa khasu, chidebe ndi kambewu. Titafika kuno, mudzi uli kuti? Tchire lokhalokha. Pamene panali chipinda chathu panamera msuku, wobereka kale, ngati kuti ndi wake malowo. Chimene chinatiuza kuti apa mpathu ndi mphero ya amayi anga, ija mumakhalira mukamasewera ndi foni. Tinkayenda mondondozana, phazi lako paphazi la mnzako, poopa mabomba okwirira aja. Inu munakwera shapa, kaminibasi kaja, kuchokera ku Milange, munafika mukulira fumbi. Fumbi! Ife tikanalipsompsona.

Anzathu amene sanathawe, amene anabisala kumapiri, anatsika atavala masaka. Mchere anali atauiwala. Ndinapatsa mnzanga a Rozalina kachikho kamodzi, anangonyambita, misozi chuu. Tinamanga nyumba, tinamanga tchalitchi, kenako tinati ana awa asakule ngati ife, timange sikola. Mitengo, dothi, udzu. Mipando inali zipika. Bolodi tinalidetsa ndi makala a m'mabatire akutha. Choko? Makaka, chinangwa chouma chija, chimalemba bwinotu. Vuto lake nlakuti choko chimenecho nchodyedwa. Mbuzi ya akatekisita inadya maphunziro a sabata yathunthu, ndipo ndikukayika ngati inali yokha, poti ana ena ankatuluka milomo ili mbuu.

Tsono ana athu anali a mitundu itatu. Obwera kukampu, Chinyanja ndi kachizungu ka "gudumoningi ticha". Otsika kumapiri, Chilomwe chokhachokha. Ndi pang'ono obwera kuchokera kutauni ya Milange, a kachipwitikizi ka pamsika. Boma linatitumizira mphunzitsi mmodzi, Pulofesolo Alumando, mnyamata wa ku Kelimane. Buluku lositidwa, chipeso m'thumba la malaya, nsapato zowala ngati mphuno ya ng'ombe. Chinyanja samva, Chilomwe samva. Sanali munthu woipa ayi, musamunyoze, ine ndekha ndi amene ndili ndi chilolezo. Anangomuuza kumene anaphunzirako kuti sikola ndi Chipwitikizi, zina zonse zizitsala kunja ngati agalu.

Tsiku lolembetsa, ine ndinavala kapulana yanga, chitenje chabwino chija. M'chifuwa ndinali ndi pepala. Ana inu, pepala limeneli ndinalisamala kuposa maso anga. Kukampu tinali ndi mapepala awiri. Lina lopyapyala, lonyansa, tizilembo ngati mapazi a nkhuku. Lina lolimba, lokongola, lili ndi mzere wokwera phiri, kukwera, kukwera. Ndinati m'mtima, ili ndilo la Selina, mzerewu ndi nzeru zake zikukwera. Ndinalikulunga m'pulasitiki ya shuga, nkuwoloka nalo Ruo lili pakhungu. Lonyansalo ndinangoliponya m'dengu.

Ndinafika, ndinagwada, ndinapereka ndi manja awiri. A Mateyu, akatekisita athu, ndi amene ankamasulira. Ndinati, "A Mateyu, auzeni awerenge okha, ine sindikufuna kudzitama." Pulofesolo analitambasula, analiyang'ana, analitembenuza, anakanda m'mutu. Anayankhula. A Mateyu anatsokomola.

"Akuti bwanji?"

"Mayi a Selina, akuti mwanayu ankalemera bwino."

"Nanga? Ndinanena ine!"

"Akutinso katemera analandira yense. Koma akuti sukulu sakuiona apa. Iyi ndi khadi ya kusikelo. Ndipo ndi ya mwana wamwamuna."

Mayo ine! Anthu kuseka mpaka kugwira zipika. Ndinathamanga kunyumba, kapulana m'manja. "Bambo a Selina! Pepala lija linali m'dengu lili kuti?" Agogo anu ali phee pansi pa msuku, utsi tolotolo. "Liti? Lofewa bwino lija?" Ndinati, "Lomwelo!" Iwo, "Aaa. Lija linkapichira bwino chingambwe. Linanditengera sabata ziwiri." Ana inu, agogo anu aamuna anasuta sitandade faifi. Yonse, ndi namba wani yemwe.

Ndinabwerera chimanjamanja. Pulofesolo anati palibe kanthu, amuyesa yekha. Anamuitana Selina. Tsono mwana ndinamulera ine: wamkulu akakuitana umagwada, maso pansi, mawu pansi. Selina anafika, gwa, wagwada. Pulofesolo: "Levanta!" Ndiye kuti imirira, koma ife tinkadziwa? Mwana anangomva kuti wamkulu wakwiya, ndiye anaweramanso kwambiri. "Komu ti shama?" Eti dzina lako ndani. Zii. Anadziloza m'maso kuti mwana amuyang'ane. Selina kuyang'ana mphunzitsi m'maso? Ngati mfiti? Anabisa nkhope m'manja. Pulofesolo anapukusa mutu. "Nada. Pirimera." Eti m'mutu mulibe kanthu, apite kalasi yoyamba. Mtsikana wa msinkhu wa Mariyeta uyu, kumukhazika pachipika ndi tiana ta mamina.

Ndipo panali lamulo. Ukayankhula chakwanu pabwalo la sikola, ukagwada pamiyala. Ndiye ana anasankha chanzeru: osayankhula nkomwe. Ukadutsa pamenepo unkangomva mawu a munthu mmodzi, Pulofesolo kudzifunsa nkudziyankha yekha. Tsiku lina ndinaima pawindo. Anafunsa chinachake, ana onse ndwii. Ine mtima unandipsa, ndinakuwa, "Selina, yankha iwe!" Selina anatembenuka, "Amayi, ndiyankhe chiyani? Inuyo mwamva funso?" Pulofesolo anandithamangitsa ngati nkhuku yolowa m'tchalitchi.

Mvula inatha, chimanga tinakolola, nandolo anayamba maluwa. Mwana wanga anayamba kuuma. Uja ankaimba potunga madzi, tsopano chete. Tsiku lina agogo anu anandiitana.

"Mayi a Selina, tiana ta m'kalasi mwake tija tayamba kumutchula kuti mama. Mwanayu wakula. Jowakinyu wa njinga uja, wopititsa chimanga ku Muloza, wabwera kawiri. Ine ndi malume ake tagwirizana. Nandolo uyu akauma, ngati akadali mu pirimera, tivomera."

"Inu? Inu amene munasuta sitandade faifi?"

"Zimenezo zinapita ndi mphepo. Ine ndikunena za nandolo."

Ndinakuwa mpaka agalu a mudzi wachiwiri anayankha. Koma chimene chinandipweteka si iwowo ayi. Ndi Selina. Tikusinja, anaimitsa munsi nkunena chapansipansi, "Amayi, ingovomerani. Kuja ndinali munthu. Kuno ndine bulu." Mawu amenewo ndikadawamvabe apa, pansi pa nthiti. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ndinkapita kumunda kukapsinya makoko a nandolo, kumupempha kuti asafulumire.

Tereza, Zeka wamva pamenepo? Muuze. Eya. Akuti chiyani, "Jowakinyu akanakhala papa"? Ee, ukanabadwira pakaliyala ya njinga iwe, pakati pa matumba.

Tsono nthawi yachisanu, chiperoni chikuwaza, makolo tinagwirizana kuswa mphanje kuseri kwa sikola, kuti pakhale munda wodyetsa mphunzitsi. Tinaitanitsa dima. Inu a kutauni dima simulidziwa. Anthu amabwera ndi makasu awo, munda umagawidwa ndi nsungwi, aliyense ndime yake. Palibe kulipirana. Pali thobwa basi, ndi kalongonda. Kalongonda amene munamukana dzana uja, "Vovo, zikununkha," poti agogo kwanuko mumati vovo. Nyemba imeneyo timaiphika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kutaya madzi, kuthira ena, ukachita ulesi imakuzunguza mutu. Ndi imene inasunga anthu kumapiri. Ndipo dima lili ndi malamulo awiri. Loyamba, palibe woonerera. Lachiwiri ndikuuzani likafika.

Pulofesolo anabwera ndi kabuku kake kudzalemba maina. Anaima pansi pa mtengo, nsapato ng'aning'ani. Ine ndinamuyang'ana, ndinayang'ana khasu, china chake chinandilowa m'mutu. Ndinatenga khasu la agogo anu, lolemera lija, ndinakamupatsa ndi manja awiri. A Mateyu anamasulira mwaulemu kuti pa dima wosalima samwa. Atsikana anayamba kusekera m'manja. Mnyamata ndi mnyamata, anavula nsapato, anapinda buluku. Pamenepo ndinakokera a Mateyu pambali.

"A Mateyu, lero pakamwa panu pali patchuthi. Mukamasulira liwu limodzi, kalongonda mumuona m'mbale za anzanu."

"Mayi a Selina, mukufuna kundichimwitsa."

"Mudzalapa Lamulungu, tchalitchi makiyi ake muli nawo ndinu."

Ndinamupatsa ndime pakati penipeni. Ndipo ndinamufotokozera zonse, Mulungu ndi mboni, sindinabise kanthu. Poyambira apa, pothera apo, udzu uziponyera kumanzere, ndipo pachitsamba icho usayandikire, pali chitedze. Ndinanena katatu. Koma ndinanena m'Chilomwe cha agogo anga, chothamanga ngati Ruo wa mu Febuluwale. Iye anangogwedeza mutu, ngati mmene ana athu ankamugwedezera.

Tinayamba. Nyimbo, makasu, fumbi. Pulofesolo khasu analigwira kumapeto ngati ambulera. Udzu ankaponyera kumanja, pa ndime ya a Rozalina. A Rozalina anamukalipira m'Chilomwe, iye "Sim, sim," kuvomera zosamva, nkuponyanso komweko. Kenako analowa pachitsamba chija. Iii! Ana inu, munamuonapo munthu wophunzira akuvina popanda ng'oma? Kukanda m'khosi, kukanda m'mikono, chipeso chinagwa.

Ine ndinaimitsa anthu. Ndinatulutsa chifuwa, manja kumbuyo, ndinayenda mmene ankayendera m'kalasi. Chonchi, taonani. Ndinanyamula khasu, ndinamuonetsa, nkufunsa m'Chilomwe kuti ichi nchiyani. Iye zii. Ndinafunsanso mokweza, poti iyenso ankayesa kuti kukuwa kumatsegula makutu. Zii. Maso anagwetsa pansi, yekha, popanda womuphunzitsa. Kamwana ka a Rozalina, kaja sikanayankhulepo m'kalasi miyezi yonseyo, kanakuwa kali kumphepete, "Ehipa!" Ndinati, "Mwamva? Mwana wa mamina akudziwa." Ndinapukusa mutu ngati iye, ndinatsitsa mawu ngati iye: "Nada. Pirimera!"

Munda wonse unagwa pansi. Agogo anu anaseka mpaka kutsamwa utsi. Koma ine nditayang'ana Pulofesolo, kuseka kunandithera. Maso ake anali psuu, akuyang'ana kumene anasiya nsapato. Ndinati m'mtima, pakamwa panga pandipha. Uyu akavala nsapato nkupita kwawo, sikola yatha, Selina wakwera njinga. Ndinali nditapyola muyeso, ndipo njira yobwerera sindinkaiona.

Anandipulumutsa ndi a Rozalina, ndi lamulo lachiwiri lija. Pa dima, ukamaliza ndime yako sukhala pansi. Umapita kumapeto kwa ndime ya amene watsalira, nkuyamba kulima chomulowera, mpaka makasu anu akumane. Timati kumulandira. Thobwa silitsegulidwa munthu mmodzi akadali m'tchire. A Rozalina anapita kwa Pulofesolo. Anatapa phulusa, anamupaka m'mikono moyabwamo, anamugwira manja nkuwatsitsa pampini. "Vakhani, vakhani," ndiye kuti pang'onopang'ono, akumuonetsa ndi thupi. Kenako anapita kumapeto kwa ndime yake ija, anayamba kulima chobwera. Amayi ena awiri anatsatira. Inenso, mwamanyazi, ndinatsatira. Iye anatiyang'ana, anawerama, anayamba kulima chotilowera. Makasu atagundana, nthungululu! Mnyamata uja thukuta kamukamu, matuza m'manja, koma anaseka.

Tinakhala pansi kumwa thobwa. Ndinati, "A Mateyu, tchuthi chatha." Pulofesolo anafunsa kuti nchifukwa chiyani tinamuchititsa manyazi kenako nkumuthandiza. Ndinati, "Muuzeni chonchi, ndipo musathire shuga. Za chitedze ndinamuchenjeza katatu. Kodi iye ndi bulu?" A Mateyu anamasulira. Pulofesolo anati ayi, sanamve chabe. Ndinati, "Eya. Inu mwakhala m'mawa umodzi. Ana athu akhala m'chitedze chanu kuyambira nthawi ya mvula, ndipo palibe amene akuwalandira."

Pulofesolo anangoyang'ana m'chikho.

Tsono kunali kutatsala chigawo china cha munda, ndipo anthu anali atawonjezekera, ochedwa aja amene amamva fungo la kalongonda. Panafunika kugawanso. Amuna anayeza m'lifupi ndi nsungwi, anawerenga anthu, mkangano unabuka, uyu akuti zitatuzitatu, uyu akuti sizikwana. Manambala ake musandifunse. Ine ndinati, "Selina, siya khasu. Gawa." Mwana anandiyang'ana ngati ndamutuma kukagwira njoka. Ndinati, "Sindikuti uyankhule. Lemba pansi." Anagwada, maso pansi monga mwa masiku onse, anasalaza dothi, anatola kamtengo.

Pulofesolo anasuzumira. Selina anajambula kanyumba, denga pamwamba, nambala m'kati, mmene ankachitira ku Malawi. Pulofesolo, "Nau, nau, nau," kupukusa mutu. Anatola kamtengo kake, anajambula zake pambali: iye denga analibe, anali ndi kangodya chakumanja, ngati khola losamaliza. A Mateyu anati, "Akuti walakwitsa, sagawa choncho." Koma Selina, kaya anamulowa ndani tsiku limenelo, sanaime. Iye kutsika ndi manambala ake, Pulofesolo kutsika ndi ake, timitengo tiwiri kuthamangitsana padothi. Selina anamaliza, anaika kamtengo pansi, manja pamiyendo. Pulofesolo anamaliza pambuyo. Anayang'ana pakhola pake. Anayang'ana padenga la Selina. Ine wosawerenga ndinaona ndi maso angawa kuti tizilombo tiwiri tija tikufanana ngati mapasa.

Amuna anatenga nsungwi, anagawa mmene mwana ananenera. Munthu womaliza ndime yake inathera pamalire penipeni, osatsala ngakhale pogona mbewa.

Apa ndi pamene ndinamukonda mnyamata uja. Sananene "Levanta". Ananjuta pansi yekha, buluku lositidwa lija m'dothi, mutu wake kufanana ndi wa mwana. Analemba samu ina. Selina anaidya. Ina yaitali. Anaidya. Kenako analoza kanyumba kaja nkunena kudzera mwa a Mateyu, "Ndionetse mmene umachitira, ine njira iyi sindinaionepo." Ana inu, mphunzitsi kupempha mwana wanga! Nthungululu imene ndinaimba pamenepo, ku Muloza anayesa kuli ukwati.

Lolemba lake anayesanso ana onse, a Mateyu ali pambali, aliyense kumufunsa m'chilankhulo chimene amalotera. Anapezamo ena asanu onga Selina, obisala pazipika za tiana. Miyala yogwadira ija tinakathira pakhomo la tchalitchi pomwe pankachita matope. Ndipo anawakhazika ana atatuatatu: wa kukampu, wa kumapiri, wa kachipwitikizi. Iye akaphunzitsa, amene wamva asakhale pansi nkupinda manja, atembenuke akalandire mnzake m'chakwawo, kenako onse abwerere ku Chipwitikizi. Kalasi ija inali zii inasanduka msika. Akuluakulu a sikola atabwera kuchokera kuboma anakwinya nkhope, eti phokoso, eti lamulo silitero. Pulofesolo anati, "Afunseni anawo chilichonse." Anafunsa. Anachoka osanena zambiri, atanyamula nthochi zathu.

Selina anamukweza mpaka kwarta, kalasi yachinayi, ati Chipwitikizi chikakhwima adzalumpha. Nandolo atauma ndinathyola khoko limodzi, ndinakaligwedeza pakhutu la agogo anu, tseketseke. "Bambo a Selina, wauma uyu. Jowakinyu mumuuza ndinu, kapena ndikamuuze ine ndi mawu angawa?" Iwo, "Aaa, ine ndinkadziwa kale. Nzeru zimenezi ndi za kwathu. Si khasu langa lija linagwira ntchito?" Mpaka kumwalira kwawo ankauza anthu kuti mwana anamuphunzitsa ndi iwo. Mwina nzoona, sitandade faifi yonse inali m'mapapo mwawo.

Zotsalazo mukuzidziwa. Mayi anu anakhala mphunzitsi, anakhala diretora, woyang'anira sikola yonse. Ndiye mwaona, sizinawakwane. Akuti masikola a m'malire muno akadali ndi ana ogwada m'chitedze, wina Chilomwe, wina Chinyanja, wina wabwera dzulo kuchokera tsidya lija, ndipo madiretora ambiri sadziwa poyambira. Ndiye analowa maphunziro aakulu aja, omaliza, amene ukawatha amakutcha dotora. Buku lawo likufunsa zimenezo: woyang'anira sikola aziyendetsa bwanji kuti mwana asasiye nzeru zake pakhomo pamodzi ndi chilankhulo cha amake. Chaka chatha anabwera ndi foni, anaiika pamphero apo. "Amayi, fotokozani za dima lija, musasiye kanthu." Ndinafotokoza mpaka foni inafa. Anapitanso ku Kelimane kukamupeza Pulofesolo Alumando, wadazi tsopano, chipeso chinatha ntchito. Akuti Pulofesolo atangowaona mayi anu anakuwa, "Mosheliwa!" moni wa Chilomwe, nkufunsa ngati mayi wa chitedze uja akadali moyo. Ndinati ukamuuze ndilipo, ndipo khasu lake likumudikira.

Ine ndinawaseka mayi anu. Ndinati, "Zaka zinayi ukulemba zimene ine ndinakuwa m'mawa umodzi?" Iwo, "Amayi, inu munakuwira mphunzitsi mmodzi. Ine ndikufuna amve onse, ndipo amenewo samva nthungululu, amamva mapepala." Pamenepo ndinatseka pakamwa, poti za mapepala ine mbiri yanga mwaimva.

Tsono mwezi wathawu anandiimbira. Mawu ake ndinawazindikira, ndi omwe aja a pamtondo. "Amayi, ndatopa. Aphunzitsi anga andibwezera chigawo china kachitatu. Masana ntchito, kunyumba ana, mutu sukugwiranso. Nthawi imene anandipatsa ikutha. Mwina ndingosiya." Ndinati, "Selina, watsala ndi nsungwi zingati?" Anaseka akulira, "Pang'ono, amayi, koma ndi pachitsamba." Ndinati, "Kweza ana shapa."

Ndiye Dito, mwamuna wanga, ndiyang'ane, m'maso momwe, masiku ano timaloleza. Mayi ako sanakutaye. Ine ndime yanga ndinamaliza kalekale, ndinalera, ndinakwatitsa, ndinaika maliro. Koma pa dima womaliza sakhala pansi. Kulemba sindingamulembere, ndingamutengere khadi ya kusikelo. Chimene ndingathe ndi kuyambira kumapeto kuno, kulima chomulowera. Tchire lake la mbali ino ndi inuyo: kukusambitsani, kukudyetsani, kumva miseche yanu kuseri kwa nkhokwe. Iye akubwera uko ndi cholembera, ine ndikubwera kuno ndi inu, tsiku lina makasu agundana. Ndipo tsiku lomuveka chipewa cha udotora ndikupita nawo, akandiuze okha akuluakuluwo kuti ndidikire amalize dzina.

Taonani Tereza, lichero lake latha kale, wakhala manja lende. Iwe, nkhani yonseyi yakudutsa pamutu? Zeka akadali ndi mulu wonsewo. Sendera, ukamulandire. Thobwa sinditsegula mpaka nandolo yense atatha.